Tizikombole ta Alamu ndi Mwana Wokwawa

Alamu anga, akulu awo a bambo a mwana, amapanga zikombole. Mukamva choncho musathamangire kukaoda cha njerwa, ambiri anabwerako ndi manyazi. Zawo n'zachitsulo, ndipo china chimakwana pa chikhadabo. Kufakitale amathiramo pulasitiki wosungunuka, n'kutuluka timagudumu ta mano toyendetsa zoseweretsa za ana.

Makina awo ali m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba yathu. Anasankha kumeneko chifukwa n'kutali ndi msewu. Kampeni kosemera chitsuloko n'kowonda ngati tsitsi, moti lole ikangogwedeza pansi kamathyoka, ntchito ya tsiku lonse n'kulowa m'madzi. Kumenyetsa chitseko n'koletsedwa. Chitsulo chomwe sachigwira nthawi yaitali, ati kutentha kwa dzanja kumachifufumitsa. Akamasema amaiwala ndi kupuma komwe.

"Alamu, mudzatifera pa kanthu kosaoneka," ndimawaseka.

"Kosaoneka kwa inu, mayi. Inetu ndimaonamo zigwa ndi mapiri."

Zinavuta mwana atayamba kukwawa. Wangayu chilichonse n'cha m'kamwa, batani, mwala, nyerere yomwe. Ndinkasesa ngati andilodza, maso pansi tsiku lonse. Ndinawauza alamu kuti tinthu tawoto tikundidetsa nkhawa, iwo anati chawo sichigwa pansi.

Tsiku lina masana anatuluka ndi kagudumu koyamba ka chikombole chatsopano kuti akaone bwino pa kuwala. Anakaika pa mpando, n'kutembenuka kufuna galasi lawo lokulitsira zinthu. Pocheuka, kagudumu palibe. Mwana waima chogwira mpando, akumeza malovu, akumwetulira.

Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Wonyamula mwana kupita kuchipatala anali alamu, akuthamanga ndi silipasi imodzi. Anesi atafunsa kukula kwa chinthucho, iwo anayamba za mamilimita.

"Bambo, ngati nyemba kapena ngati mpunga?" anawadula anesiwo.

"Ngati kanjere ka mpunga. Kodula pakati."

"N'kakuthwa?"

"Mano alipo, koma ndinawasalaza ndekha," anayankha.

Anesi anamupima mwana, n'kunena kuti akupuma bwino. Anati tipite kunyumba tiziyang'ana matewera, koma akayamba kusanza kapena kulira kosatonthola tibwerere msanga.

Ine mtima sunakhale pansi, mwana akangotsokomola ndinkadzidzimuka. Koma alamu, munthu amene chibadwire sanagwirepo thewera, anakhala pakhonde, galasi pa diso, kachitsulo kopanira m'manja, akufufuza lililonse lomwe ndavula mwana.

"Achimwene, akukwezani pantchito?" bambo a mwana anawafunsa atagwira mphuno.

"Choka apa iwe. Kodi mwana wakoyu mumamudyetsa chiyani?"

M'mawa mwake tinangomva, "Kapezeka!" Anakatsuka, n'kukatembenuza uku ndi uku pa galasi, akuyang'ana dzino lililonse. Onse analipo, panalibe lotsalira m'mimba. Ine ndinangokhala pansi pomwepo.

Makina sanawayatse tsikulo. Madzulo anapita kukaona kachipinda ka lendi kuseri kwa wokonza matayala, pamsewu penipeni, ndipo anabwerako ndi kiyi.

"Nanga malole aja?" ndinawafunsa.

"Timipeni tizithyoka, ndizigula tina," anatero. "Loweruka ndikusamutsa makina. Mundibwereke mabulangete akale okutira, ndipo mwamuna wanuyo asathawe, adzanyamula nawo."