Dzina la m'kati mwa piyano

Bambo oyandikana nafe ndi kalipentala wokalamba, pensulo sichoka kukhutu kwawo. Ukawayamikira mpando, amangoti, "Yamba waona kunsi kwake." Piyano yakale ya kusukulu kwathu anaiukitsa ndi iwo chiswe chitaidya. Miyendo ndi chivindikiro chomwe ndi ntchito ya manja awo. Atamaliza analemba dzina lawo ndi pensulo m'kati, pomwe diso silifika.

Chaka chatha ahedi atsopano anaitana katswiri kuti afufuze mbiri ya piyanoyo. Katswiriyo anawerenga nambala ya pachitsulo n'kutchula fakitale yakunja imene inaipanga kalekale. Anasisita chivindikiro chija n'kunena kuti, "Mwaona? Amisiri otere kuno kulibe." Ataona dzinalo anakwinya nkhope. "Ana anuwa amangolemba paliponse. Fufutani izi."

Ahedi anaitanitsa kalipentala wapafupi, bambo oyandikana nafe omwe aja, iwo n'kunyamula sandipepa. Ine mtima unandiwawa.

"Bambo, osawauza bwanji?"

"Ndiwauze chiyani, mwanangu? Andifunsa?"

Lero pakhoma pali chikwangwani chotamanda fakitale ija. Dzina lawo analifufuta bwinobwino, osasiya ngakhale kadontho. Iwo ntchito yosalongosoka sagwira.