Basi Yodzaza ya ku Ndola

Chaka chimene dziko linalandira ufulu ndinali nditangoyamba ntchito kumgodi ku Kitwe, ndipo ku Mindolo konse, kumene ndinkakhala, ankandidziwa kuti sindichedwa kuponya chibakera. Sukulu ndinaisiyira panjira pa chifukwa chomwecho. Komabe ndinali nditapeza mbeta, mtsikana wogwira ntchito mu labotale ya chipatala ku Ndola. Iye anandiuza mosabisa kuti amalume ake, mkulu wa mpingo wochokera ku Malawi, akufuna kundiona ankhoswe asanafike, ndipo akangomva kafungo ka ndewu, ukwati palibe.

Loweruka ndinavala nsapato zatsopano n'kukwera basi. Inali itadzaza moti nkhuku zinkapumira m'khwapa mwa anthu. Tikiti ndinailuma ndi mano kuti ndigwire chitsulo, koma basi itangonyamuka anthu anandigwera. Mkono wamanja unapanikizidwa ndi thumba la makala, wamanzere unatsakamira kumbuyo kwa mayi wina wobereka mwana.

Apo bambo wina wamfupi, wachipewa, anandiponda nsapato, phazi osachotsa.

"Mwaiche, mnyamata iwe, nsapato zakozi n'zofewa bwino," anatero. "Ndiimapo mpaka ku Ndola, wamva?"

Basi yonse inaseka. Ndinafuna kumuponya chibakera. Ndinakoka mkono, sunatuluke. Kuti ndimutukwane, tikiti igwa, kondakitala anditsitsa m'tchire. Ndinangoti "mmm," maso ali psuu.

"Taonani ulemu," anatero bamboyo. "Ana a masiku ano otere ngosowa."

Titatsika ku Masala, mu Ndola, ndinamufunafuna, koma anali atalowa m'chigulu cha pamsika. Ndinapukutitsa nsapato, n'kuyenda wapansi mpaka ku Nkwazi, kwawo kwa mtsikanayo. Mbeta yanga inandilowetsa m'nyumba, ndipo pampando panali bambo yemwe uja, chipewa chili pabondo. Anali akuchokera kumsonkhano wa mpingo ku Kitwe.

"Ndi ameneyu?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa mlongo wanga, ukwatiwe naye. Ndamuponda njira yonse, ndamuseka pagulu, iye ali zii. Amene akuti ndi wandewu akunama."

Pondiperekeza ndinamufotokozera mtsikanayo za makala ndi tikiti. Anaseka mpaka kugwira mpanda wa eni ake.

"Zimenezo timaziona kuntchito," anatero atapuma. "M'thupi mwanu muli timaselo, tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwake muli mapuloteni. Ali ngati tizingwe topindidwa mwaluso. Kachingwe kakakhala kopindika kamagwira ntchito, koma kakamasuka kawonongeka. Mwaonapo dzira lophika likubwereranso kukhala laliwisi?"

"Ndiye chimakagwira n'chiyani?"

"Mwa zina, kuthinana. Mu selo n'modzaza ngati basi yanuyo, malo otambasukira palibe. Ife tikawasungunula m'madzi ambiri m'botolo sachedwa kuwonongeka, ndiye timathiramo ena kuti asakhale okha. Koma akathinana mopitirira, ena amamatirirana n'kupanga zibuma."

"Ndiye ine ndine puloteni?"

"Inu ndinu wovuta kuposa onse. Musamayende nokha pamtetete."

Ndinamufunsa ngati akawauze amalume zoona zake. Anandiyang'ana nsapato, kenaka kumaso.

"Iwo aona munthu amene sanamenye. Chimenecho si bodza. Chotsala n'chakuti muzolowere."

Ankhoswe anapita mwezi wotsatira, nkhani inayenda myaa. Lero tili m'kanyumba ka kampani, ndipo mkazi wanga wadzazamo ang'ono ake, mwana wathu wakhanda, ndi makina osokera pakhomo penipeni. Ndikabwera kumgodi nditakwiya ndi kapitawo, wina amandipatsa mwana, wina beseni, ndipo pomwe ndipeze potambasulira mkono, mkwiyo watha kale.

Amalume amabwera kawirikawiri. Pondipatsa moni amayamba andiponda kaye phazi.

"Zikadali zofewa, mkamwini?"

"Pondani, bambo," ndimatero, manja ndili nditapinda ndekha.