Earline Anakana Kulowa, Anakananso Kuphonya Sewero

Kwathu ku Tarver, ku Georgia, mwamuna akafuna kukwatira, kukaonekera kukhoti kapena kuikidwa m'manda atavala malaya owongoka bwino, malayawo ankayamba adutsa m'manja mwa Earline Gaddis. Ankasita zovala za anthu pabalaza pake, thabwa lositira litayang'ana kanema, ndipo tauni yonse inkadziwa lamulo lake: ikakwana wani koloko masana, osagogoda. Imeneyo inali nthawi ya "Madzi Odikha," sewero lochokera ku New York lomwe linkaonetsedwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Abusa a Tolliver anayesapo kamodzi. Anaima pakhonde ndi malaya awo m'manja mpaka sewero kutha, ndipo Lamulungu lotsatira analalikira za kupirira kwa Yobu.

M'sewerolo munali mkazi wina dzina lake Lenora, wokwatiwa kangapo, womwalira kawiri. Earline ankadana naye ngati anamulanda mwamuna. Mng'ono wake wa Earline, Vernice, ndiye ankamuikira kumbuyo Lenorayo.

Za awiriwa ndikuzidziwa bwino, poti tinakulira limodzi, komanso makutu anga sanandigwiritsepo mwala. Mayi awo pomwalira anasiyira Vernice nyumba ya paphiri, chifukwa ndiye anawadwazika. Earline, woyamba kubadwa, anazimva anthu akadali kudya nkhuku ya pamaliro. Anavala chipewa chake, n'kulumbira pamaso pa mpingo wonse kuti m'nyumba imeneyo sadzalowamonso. Kuyambira pamenepo kutchalitchi ankakhala mbali zosiyana. Akakumana m'sitolo, wina ankayamba kuwerenga mwachidwi zolembedwa pachitini cha nyemba.

Koma sewero likangodukiza kuti otsatsa sopo alankhule, foni inkalira. Moni panalibe.

"Wayiona mfiti yako ija?"

"Musiyeni mwana wa eni, achemwali. Chitsiru ndi mwamunayo."

Otsatsa sopo akamaliza, foni pansi. Kwa zaka zambiri chibale chawo chonse chinali chimenechi, ndipo chinkawakwanira. Vernice atachitidwa opaleshoni ya ndulu sanauze mkulu wake. Anangoti Lenora akuoneka wofooka masiku ano, ngati munthu wongotuluka m'chipatala. Mawa lake pakhonde la Vernice panapezeka mphika wa msuzi wa nkhuku wopanda mwini. Amene anauperekeza pagalimoto ndine, poti Earline chiwongolero sanachigwirepo, koma anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo ndinangouza anthu ochepa.

Chaka china, masamba atayamba kufiira, nyumba youlutsira kanema ya m'dera lathu, imene inkalandira sewerolo kuchokera ku New York n'kutipatsira ife, inangolichotsa. Lachisanu tinamusiya Lenora ali m'galimoto yoduka mabuleki, ikutsetsereka. Lolemba Earline anatsegula kanema n'kupeza mwamuna wa mano oyera mbee akugawa mafiriji kwa anthu odumphadumpha. Anadikira. Otsatsa sopo anabwera, napita. Foni sinalire. Sabata yonse inatha ili chete, ndipo ine ndinamupeza kawiri akuinyamula n'kuiika kukhutu, ati akuona ngati sinafe.

Anandiuza kuti ndimutengere kwa eni ake a kanema. Anavala diresi la Mgonero ndi chipewa cha nthenga. Mkulu wa kumeneko anali mnyamata waulemu ndithu, wotchedwa Haskell Byrd. Anatifotokozera kuti sewerolo likuoneredwa ndi amayi achikulire okha, ndipo amalonda akufuna anthu amene akugulabe magalimoto ndi mipando. Anati tizolowera.

"Mwana wanga," anatero Earline, "sopo wanuyo ndinayamba kumugula iwe matewera asanakuyambe. Ndizolowere chiyani, mafiriji a anthu ena?"

Mnyamatayo anaseka, natipatsa aliyense kapu yolembedwa dzina la nyumba yawo. Kapu ya Earline akumwera galu mpaka lero. Atafika kunyumba anamata tepi pakabatani kosinthira kuti nyumba imeneyo isadzaonekenso pabalaza pake, ndipo analeka kusitira aliyense wogwira ntchito kumeneko. Analipo mmodzi yekha, bambo wolengeza zanyengo, amene mwezi wonse ankalosera mvula atavala malaya ngati otafunidwa ndi ng'ombe. Sewero silinabwerere.

Kenako ndinamva kosukitsa tsitsi kuti nyumba ina ya kutsidya, ku Alabama, ikulionetsabe pa nthawi yomweyo. Ife a m'chigwa tikayesa kutsegula kumeneko tinkangoona mchenga wokhawokha. Kugwira kunkagwira paphiri, ndipo paphiri ponse mlongoti wautali unali umodzi, umene malemu mwamuna wa Vernice anaimika kuti azionera mpira. Ndinathamanga nayo nkhaniyi isanazizire.

Earline anangopitiriza ntchito yake. Anasita mkono umodzi wa malaya mpaka unayamba kununkha. Mawa lake masana ndinamva kugogoda, ndipo anali iye, atapanira m'khwapa mpando wopinda wa kutchalitchi.

"Tenga makiyi."

Titafika paphiri anakwera pakhonde, natambasula mpando wake pafupi ndi zenera la pabalaza, n'kukhala, chikwama pamiyendo. Kwa ine anangoti analumbirira nyumba, za khonde sanatchule. Katani inagwedezeka. Patapita kanthawi inatseguka yonse, kanema anatembenuzidwa kuyang'ana panja, zenera linakwezedwa pang'ono kuti mawu atuluke. Lenora anali atapulumuka, koma ataiwala dzina lake ndi amuna ake onse. Otsatsa sopo atabwera, Earline anauza mtengo wa pabwalo kuti mkaziyo akunamizira. M'nyumba munatuluka mawu oti munthu wopanda chifundo ngati ameneyu sanamuonepo. Ine ndinapuma bwino koyamba m'masabata angapo.

Nkhani inafala, sindikudziwa kuti bwanji. Amayi a m'chigwa anayamba kukwera phiri tsiku ndi tsiku, wina ndi chigumu, wina ndi payi ya mbatata, n'kudzaza pabalaza pa Vernice. Earline yekha panja. Abusa anamupempha kuti alowe, iye anati Ambuye anamumva polumbira ndipo sakufuna kuwasokoneza. Akampatsira tiyi pazenera ankalandira, koma kapu ankaibweza osanena zikomo, kuopa kuti angayesedwe mlendo.

Ndiye kunabwera chisanu. Paphiri paja mphepo siichita manyazi. Earline anawonjezera jasi, kenako bulangete, kenako chifuwa. Vernice anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndisiye kumubweretsa, ndimuphera mkulu wake. Ndinamuyankha chilungamo, kuti pa awiriwo amene ndimamuopa kwambiri si iye.

Tsiku la mlandu wa Lenora, limene tinalidikira mwezi wathunthu, tinafika n'kupeza pazenera palibe kanema. Vernice anali ataima pakhomo, manja m'thumba la epuloni. Anati wamusamutsira kuchipinda cha malemu mayi, kuseri, chifukwa pabalaza dzuwa likuwononga chithunzi. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Chipinda chimenecho zenera lake lili m'mwamba, ndipo kunja kwake kuli minga.

"Bweza kanemayo," anatero Earline.

"Ngolemera, achemwali. Msana wangawu."

"Popita anayenda yekha?"

"Chitseko n'chotsegula. Chakhala chotsegula."

Kuseri nyimbo yoyambira sewero inayamba kulira. Amayi onse anali kale m'katimo, koma ndikudziwa kuti palibe amene ankayang'ana kanema. Earline anayang'ana galimoto yanga, nayang'ana msewu wotsikira kuchigwa, kumene kunali foni yosalira ija. Anatsokomola. Kenako anapinda bulangete lake bwinobwino monga amapindira za makasitomala, n'kundipatsa.

"Usaganize kuti ndagonjera iwe," anauza mng'ono wake. "Kamnyamata ka makapu kaja sikangandiuze tsiku loti ndisiye kukutukwana."

Analowa chipewa chili kumutu. Njira sanafunse. M'chipindamo mipando yonse inali ndi anthu kupatula umodzi, wogwedera wa malemu mayi awo, umene unaikidwa patsogolo penipeni, nsalu yawo yoluka ili pamsana pake. Earline anaima pang'ono, dzanja lili pansaluyo. Kenako anakhala, n'kuuza mayi Odom, mmodzi wa amayi a m'chigwa aja, kuti asunthe mutu.

Woweruza atangoti Lenora aimirire, otsatsa sopo analowerera. Panalibe foni, panalibe zenera lowalekanitsa, awiriwo anali moyandikana mawondo kutsala pang'ono kugundana, ndipo za Lenora palibe amene anazikumbuka. Ine ndinaleka kutafuna. Earline anayendetsa maso pabedi, pachithunzi cha ukwati wa makolo awo, mpaka anafika pamakatani.

"Makatani a amayi awa anasita ndani?"

"Ine," anatero Vernice.

"Zikuoneka. Uwatsitse likatha sewero, ndipita nawo."

Anabwera nawo Lachinayi, nawapachika yekha atakwera pampando, akudandaula za fumbi. Mpaka lero amauza aliyense kuti nkhani ya nyumba sinathe ndipo sanakhululukire munthu. Tepi ija ikadali pakanema wake. Ikamakwana wani koloko amakhala akundidikira kale pageti, ndipo mpando wopinda uja anaubweza kutchalitchi.