Mamba Anachoka, Mimba Inakula

Mkazi wanga atamwalira, moyo wanga unangokhala wa kumunda ndi kutchalitchi. Mkulu wa mpingo wathu ndiye anandiuza kuti kachipatala kena ku Mlare kakufuna munthu wodekha wolandira odwala. Ndinapita, ndipo anandilemba. Ntchito yanga inali kukweza wodwala pasikelo, kumuyeza m'chiuno ndi tepi podutsa pamchombo, kumumanga lamba wa BP pamkono, ndi kumubaya chala kuti dontho la magazi ligwere pa kapepala ka makina a shuga. Magazi a m'timabotolo ndinkawaika m'bokosi lozizira kuti apite kulabu ya kuboma.

Dokotala wathu, mayi Nyasulu, anali ndi lamulo lomwe linkandidabwitsa. Aliyense wobwera ndi soriyasisi, nthenda ya zigamba zofiira za mamba oyera m'zigongono, m'maondo ndi m'mutu, ankayezedwanso shuga, BP ndi mafuta a m'magazi. “Nthendayi sipatsirana, komanso sithera pakhungu,” ankatero. “Imayenda ndi anzake a m'kati.”

Mmodzi wa odwalawo anali a Gondwe, wogulitsa usipa wa ku Chilumba. Shuga wawo anali atayamba kale kukwera. Mankhwala athu opaka ankagwira pang'onopang'ono, pomwe pamsika anthu ankakana kulandira usipa m'manja mwawo. Kenako anasiya kubwera.

Ndinawaonanso pamaliro ena, khungu lili see, nkhope yozungulira, malaya osatsekeka pamimba. Kwathu kuno tinaika m'manda anthu ambiri oonda, choncho munthu akanenepa timati wachira. Pambali pawo panali mlamu wawo, a Kayira, wogulitsa timapilisi toyera tochokera kumalire, tomwe amamanga m'mapepala opanda dzina. A Kayirawo anandikodola.

“Adada a tepi! Bwerani mumuyeze munthu wangayu. Tepi yanu ikwana?”

Anthu anaseka. Ndinawapempha a Gondwe kuti adzationeko kuchipatala. Anangoti, “Yewo, adada, ndili bwino.”

Tsiku lovuta linali Lachisanu lina m'nyengo yotentha. A Gondwe anawabweretsa pa njinga yamoto, akazi awo atawagwirira kumbuyo. Mapilisi a mlamu wawo omwe ankamwa aja anali atatha, ndipo a Kayira anali asanakapikule ena. Thupi lonse linali lofiira ngati lawauka, khungu likusupuka, iwo akunjenjemera kwinaku akupempha madzi osalekeza. Lamba wa BP ndinachita kumuika pamwamba pa bandeji yomwe tinawakulunga pamkono. Nditabaya chala, makina sanaonetse nambala: shuga anali atapyola pomwe amatha kuwerenga.

Mayi Nyasulu anayang'ana pilisi limodzi lomwe mkaziyo anapeza litatsalira m'thumba la malaya. “Awa amabisa nthenda, amanenepetsa, amakweza shuga. Ukawasiya mwadzidzidzi, zimatere.” Anawaika diripi, ine n'kuthamanga kukasaka galimoto yopita kuchipatala chachikulu.

Tikuwakweza, a Kayira anatulukira. Sanafunse ngati mlamu wawo akupuma. Anaima pakhomo n'kuuza odwala ali pamzere kuti, “Mukuona? Wangosiya mankhwala anga, basi.”

Sindifulumira kuweruza munthu. Ndapemphera pa nkhaniyi kambirimbiri. Koma munthu wotsatsa malonda pamutu pa m'bale wake amene wagona pamachira, ine ndimamuona ngati ntchentche ya pachilonda. Mawu ena abwinoko ndawafunafuna, sindinawapeze.

A Gondwe anapulumuka. Lero amadzibaya jakisoni wa shuga tsiku lililonse, mimba inaphwa, ndipo zigamba zinabwerera m'zigongono. A Kayira amauza anthu kuti chipatala chinawaondetsa mlamu wawo, ndipo alipo amene amawakhulupirira. Tikakumana panjira ndimawapatsa moni, poti Mulungu sanandilole kumana munthu moni.

Chomwe ndinasunga n'chakuti khungu losalala silindiuza kanthu. Wodwala akalowa akumwetulira, akundionetsa mikono kuti mamba atha, ndimamuyamikira. Kenako ndimatenga tepi n'kumupempha kuti akweze malaya.