Khadi la mlamu wanga linandivula pamaso pa mpingo

Inu owerenga, ndinagwa m'mbuna ndili maso, ndipo amene anandikankhiramo ndi munthu yemwe tinkadyera naye mbale imodzi. Dzina langa sinditchula, ngakhale anthu a pa Nkhata Bay akawerenga andizindikira. Zimenezo sizikundiopsanso, pakuti manyazi anga anathera kale pagulu. Ndine mayi wamasiye wa ana atatu, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi boma, ndipo pa nthawi imene izi zinkachitika ndinali msungichuma wa gulu la amayi kumpingo kwathu.

Mlamu wanga NyaChirwa, mkazi wa achimwene anga, anapeza ntchito ku kampani ina ya mafoni. Kampaniyo inayamba ndi kugulitsa mafoni olipira pang'onopang'ono, kenako inatulutsa khadi la ngongole lokhala ndi chizindikiro chake, ndipo ntchito ya mlamu inali yolembetsa anthu. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anandiperekeza mpaka kunyumba, n'kutulutsa khadi lake m'chikwama, lakuda, lonyezimira. Anandifotokozera kuti ukagula chinthu ndi khadilo kampani imakulipirira, iwe n'kudzabweza pakutha pa mwezi, ndipo pa chilichonse chimene wagula amakupatsa mapoyinti. Mapoyintiwo akachuluka umasinthanitsa ndi katundu. Anandionetsa pafoni yake zithunzi za mphatsozo, maketulo, mawailesi, ndipo pamwamba pa zonse panali firiji.

Apa m'pamene anandikola, chifukwa ankadziwa kuti ndinkalakalaka firiji yoti ndizipangira mafirizesi ogulitsa kudoko nyengo yotentha. Ndinamufunsa ngati munalibe msampha m'menemo. Anandigwira dzanja nati, “Alamu, ine ndingakupatseni njoka kuti mugone nayo? Inu mumalandira mwezi ndi mwezi, mukuopanji?”

Khadilo linkayendera limodzi ndi foni ya kampani yomweyo, choncho chinthu choyamba chimene ndinagula pa ngongole chinali foniyo. Kulembetsa konse anandichitira iyeyo. Pafoni pankatuluka mawu ang'onoang'ono a Chingerezi, iye ankangodina kuvomera, ine ndikumuphikira tiyi. Penapake foni inafunsa ngati ndikulola kuti kampani ione manambala onse a anthu amene ndinasunga, ndipo anadinanso. Ndine mphunzitsi, Chingerezi ndimachimva, koma sindinawerenge ngakhale mzere umodzi chifukwa ndinkati m'bale sangandigulitse.

Miyezi yoyamba zinkakoma. Ndinkagulira magetsi, mayunitsi ndi bandulo, mapoyinti n'kumakwera, ine n'kumawayang'ana m'mawa uliwonse ngati mlimi woyendera munda. Koma ankakwera pang'onopang'ono, ndipo firiji inali kutali. Mlamu anandilangiza kuti ndizigula zambiri. Ndinayamba kukwera minibasi Loweruka kupita ku Mzuzu, kukagula m'masitolo akuluakulu momwe muli makina olandira khadi. Ndinagula makatani pamene akale anali abwinobwino, nsapato za ana, mapoto amene mpaka lero sindinaphikiremo. Ndinafika pouza aphunzitsi anzanga kuti azindipatsa ndalama zawo ine ndiziwagulira zinthu ndi khadi, kuti mapoyinti akhale anga. Ndalama zimene ankandipatsazo m'malo mokabweza ku kampani zinkathera ndiwo ndi makala.

Pakutha pa mwezi foni inkandionetsa ngongole yonse, koma pansi pake inkaonetsanso kandalama kochepa kamene inkati n'kokwanira mwezi umenewo. Ndinkalipira kochepako n'kumadziona wochenjera. Sindinkadziwa kuti zotsalazo zikubereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chikuberekanso chinzake.

Kenako mayi anga anadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Malipiro a mwezi umenewo anathera pa iwo, ndipo tsiku lolipira linadutsa. Chimene chinatsatira ndi chimene chimandiwiritsa magazi mpaka lero. Mapoyinti onse amene ndinawavutikira anafufutidwa, firiji n'kupita nawo. Anandiwonjezera chindapusa. Patapita masabata angapo foni inatsekeka, pagalasi n'kutsala mawu oti ndilipire basi. Ndikanapirira zonsezi, koma kampaniyo inatumiza uthenga kwa munthu aliyense amene nambala yake inali m'foni mwanga, wonena kuti ine, dzina langa lonse, ndikuthawa ngongole, ndipo amene akundidziwa andiuze ndibweze.

Uthengawo unafika kwa ahedi a pasukulu pathu, kwa makolo a ana amene ndimaphunzitsa, kwa abale a malemu amuna anga, kwa abusa ndi kwa amayi onse a m'gulu lathu. Ine ndinamva pomalizira, chifukwa foni yanga inali yotseka. Ndinangoona anthu pamsika akusiya kulankhula ndikamayandikira, ndipo mayi wina amene ndinkagula kwa iye nsomba za batala kwa zaka zambiri anandiuza moseka kuti lero ndiyambe ndaonetsa ndalama nsomba ndisanaikhudze.

Pa msonkhano wa amayi, mayi busa analankhula mofatsa kuti ndi bwino ndipumeko kaye pa udindo, thumba la gulu asunge wina. Anawerenga ndalama zonse pamaso panga, amayi ena akuyang'ana pansi. Sipanasowe ngakhale tambala, koma udindo sanandibwezere, ndipo palibe anandipepesa. Ndinatuluka m'tchalitchi muja ndikumva ngati andivula nsalu.

Ndinapita molunjika kwa mlamu, ndikuyembekeza kuti mwina alira nane. Ndinamupeza akuchapa. Sanaimirire n'komwe. Anangoti, “Nanga simunawerenge? Aphunzitsi ndinu, osati ine.”

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Posakhalitsa ndinamva kwa dalaivala wina wa minibasi kuti iyenso kampaniyo inamuchita zomwezo ine ndisanalembetse, ndipo anakadandaula kwa mlamu yemweyo. Ndiye kuti pamene ankandigwira dzanja tsiku lija ankadziwa zonse. Ndinamvanso kuti pa munthu aliyense amene wamulembetsa kampani inkamupatsa kangachepe, ndipo munthuyo akamagula kwambiri iye ankalandiranso. Makatani anga aja anali ndiwo za pakhomo pake. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti mkazi ameneyu sadzalembetsanso munthu pa Nkhata Bay ine ndili moyo.

Masiku obwera sitima, pamene kudoko kumadzaza amalonda ndi onyamula katundu, mlamu ankaika tebulo ndi ambulera ya kampani pafupi ndi geti. Sukulu itatsekera ndinayamba kupita kukaima pambali pa tebulolo. Sindinkatukwana kapena kumukhudza. Dzanja limodzi ndinkanyamula foni yanga yotsekayo, linalo foni ya mnzanga momwe munali uthenga uja. Munthu akangoyandikira ndinkamupatsa moni, n'kumuwerengera uthengawo, n'kumufotokozera zonse m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, malinga ndi chimene akumva. Anthu ankathokoza kuti yewo, n'kubwerera. Mlamu atasamutsira tebulo lake ku Mwaya kukanyengerera asodzi ndi antchito a m'malo ogona alendo, ndinamutsatira komweko. Dalaivala uja anayamba kufotokozera anthu m'minibasi mwake, ndipo ena amene ankabisa manyazi awo anatulukira n'kumaima nane.

Achimwene anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndisiye, akuti ndikuwaphera banja ndipo nkhani ya pachibale imakambidwa m'nyumba. Ndinawafunsa ngati uthenga uja unathera m'nyumba. Ndinawauza kuti akazi awo akabwera kudzaima pamaso pa amayi a kumpingo n'kuvomera kuti anandinamiza, ndisiya tsiku lomwelo. Sanabwere.

Anthu atasiya kulembetsa, kampani inamuchotsa ntchito. Apa m'pamene zinadziwika kuti nayenso khadi lake linali ndi ngongole yaikulu imene ankaibweza ndi kangachepe kaja. Atalephera kulipira, anamuchita zimene anandichita ine. Uthenga wonena za iye unafika pa kafoni kamabatani kamene ndinkagwiritsa ntchito foni ija itatsekeka, ndili m'kalasi. Sindikunamizani, inu owerenga, ndinasangalala. Ndinauwerenga kangapo, ndipo Lamulungu lotsatira ndinakhala pa benchi ya kutsogolo kuti ndimuone polowa. Sanabwere kutchalitchi, ndipo mwezi usanathe anasamukira ku Mzuzu ndi banja lonse.

Ena amandiuza kuti ndikhululuke, poti ndine mkhristu. Mwina tsikulo lidzafika, koma silinafike. Chimene chimandipweteka n'choti achimwene sayankhanso foni yanga, ana athu amene anakulira limodzi sayenderana, ndipo mayi anga amafunsa chifukwa chimene ana awo awiri sabwerera limodzi kudzawaona. Ngongole ija ndinaimaliza nditagulitsa makina osokera amene amuna anga anandisiyira. Ndipo kampaniyo sinamve kuwawa kulikonse. Kudoko kuli tebulo lomwe lija, pakhala mtsikana wina wochokera kutali amene sadziwa chilichonse.

Choncho mverani ine amene ndinapsa. Mphatso za khadi lotere si zaulere, mumazigula ndi ndalama zanu zomwe, ndipo mukaterereka mwezi umodzi amakulandani zonse. Ngati simungathe kubweza ngongole yonse mwezi uliwonse, lisiyeni m'manja mwa mwini wake. Musagule chinthu chimene simukuchifuna pofuna mapoyinti, musalole kampani kuona manambala a m'foni mwanu, ndipo musalole wina kukudinirani kuvomera, ngakhale atakhala wobadwa naye bere limodzi. Mumufunse poyera kuti iye akupezapo chiyani mukalembetsa.

Ndi mlamu tinathana, ndipo tonse tinatuluka ndi mabala. Ndi kampaniyo sindinathane nayo. Ndilibe ndalama zoisumira, koma pakamwa ndili napo, ndipo sukulu ikangotsekera mudzandipeza kudoko nditaima pambali pa tebulo lawo.