Mjigo Umene Sitinamwe Madzi Ake

Fungo la matope onyowa m'chilimwe limandibwezera kwathu ku Mkanda, chaka chimene galimoto yokumba mijigo inafika kudambo. Ndinali mu Sitandade 4. Dzuwa la Okutobala linali litaumitsa chilichonse, mapesi akuthetheka tikawaponda, ndipo chitsime cha m'dimba mwathu chinali chitatsala ndi madzi olekeza m'kakolo. Chaka chilichonse nthawi imeneyi amayi ankachikumba pang'ono kuti matimati apulumuke. Ankachita okha, chifukwa abambo ankakhalitsa kubodala ya Mchinji, kumene ankapakira katundu m'mathiraki.

Chaka chimenecho amayi sanakumbe. Makina aja anabangula kwa masiku angapo, kenako madzi otuwa anatumphuka m'mwamba n'kutigwera ngati mvula. Ine ndi Tamala, mwana wa oyandikana nawo nyumba amene anadzakhala mkazi wanga, tinathamangathamanga m'matopemo mpaka tsitsi lathu linayera. Palibe amene anafunsa okumbawo cholinga chawo. Kwathu mjigo ukabwera, mudzi umadziwa kale gawo lake: njerwa, mchenga ndi miyala zomangira pochapira ndi ngalande. Amayi anasankhidwa kutsogolera azimayi anzawo, ndipo anasiya dimba n'kuyamba kuumba njerwa. "Madzi abwera pakhomo," anatero, "ndivutikirenji ndi dzenje?"

Ndimakumbukirabe kutentha kwa uvuni, utsi wa nkhuni za bulugama, ndi nyimbo za azimayi akuthamanga ndi zikombole. Fumbi linkatikanirira m'miyendo, ndipo madzulo tinkasambira madzi a m'kabeseni kamodzi. Tamala ankadinda chala chake panjerwa zaziwisi, ati kuti adzazizindikire zikadzakhala pamjigo.

Koma chopopera sichinabwere. Okumbawo anasiya paipi yachitsulo yolekeza m'chiuno, anaivundikira, n'kuikapo loko. Patapita milungu kunafika bambo wina panjinga yamoto. Anatsegula lokoyo n'kutsitsa chingwe chachitali chimene chinalira chitangokhudza madzi, kenako anatunga pang'ono m'kabotolo. Amayi anamupeza ali chogwada pamenepo, ife tili pambuyo pawo.

"Achimwene, nanga chopopera chibwera liti? Njerwa tinaotcha kale."

Bamboyo anayang'ana mulu wa njerwazo kanthawi ndithu. "Mayi, pepani, uwu si mjigo wakumwa. Kuli anthu akufufuza malasha kuseri kwa mapiriwa. Ife timayeza madzi apansi, kuti akadzayamba kukumba tidzadziwe ngati atsika kapena aipa."

"Ndiye akatsika mudzawabweza?" Tamala anafunsa.

Bamboyo anayamba kuseka, kenako anasiya. "Ayi, mwanawe. Ndidzangonena."

Amayi anatembenuka n'kulunjika kudimba. Matimati anali atafota kale, masamba atapiringizika ngati fodya wa m'chigafa. M'mawa mwake amayi anatenga khasu ndi ndowa n'kulowa m'chitsime chathu chija. Ine ndinkakoka dothi, Tamala n'kumakataya. Madzi atayambanso kuchucha, amayi anapempha gawo lawo la njerwa ndipo anawaka nazo m'mbali mwa chitsimecho kuti chisagumuke. Mizere ya matimati ya kumtunda inauma yonse. Ya kumunsi inatsitsimuka, ndipo tinadya matimati ake ang'onoang'ono ndi mchere, titakhala pamzere pomwepo.

Mpaka mvula inagwa, ine ndi Tamala tinkadzera kupaipi kuja tikaweruka kusukulu. Ankagunditsa khutu lake pachitsulo n'kunena kuti akumva madzi akuyenda pansi. Ine ndinkangomva kutentha kwa chitsulocho ndi mpweya wake pafupi ndi tsaya langa. Bambo uja ankabwerabe mwezi uliwonse, ndipo tinkamubisalira m'tchire kuti timve chingwe chikulira.

Ndili mwana ndinkamuona ngati munthu wouma mtima, wodziwa pamene pali madzi koma wosapatsa aliyense ngakhale kapu imodzi. Chaka chathachi Tamala atagonekedwa m'chipatala, ndinakhala pambali pa bedi lake ndikumugwira pamphumi, ndikuyang'ana diripi ikutsika, ndikuuza anamwino chilichonse chimene ndaona. Monga bambo uja, palibe chimene ndinabweza. Ndipamene ndinadziwa kuti pali anthu amene gawo lawo ndi kuyang'anira zinthu zimene sangathe kuziletsa, ndipo amabwerabe tsiku lake likakwana.