Chimbale cha pa Galasi la Saide

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene Saide anagula njinga. Ine ndi iye tinabwerera limodzi kwathu kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira, nkhondo itatha, tili ana, ndipo tinakulira ku Itepela m'nyumba zoyang'anana. Tinkalima mofanana, kusauka mofanana. Ndiye iye pa njinga, ine wapansi? Mtima unandiwawa. Ndinauza Abiba, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, kuti andidikire zaka ziwiri, ndikabwera ndi galimoto.

Zaka ziwirizo zinakhala khumi. Galimoto sindinagule, koma ndinaziona zambiri, chifukwa ndinapeza ntchito kwa anthu oika makamera a liwiro m'misewu. Yanga inali kukumba maenje ndi kupukuta magalasi. Bwana wina wachikulire anandiphunzitsa mmene makinawo amagwirira ntchito. Amaponya mafunde osaoneka, mafundewo amagunda galimoto n'kubwerera. Galimoto ikamabwera mothamanga, amabwerera atathinana, ngati madzi kutsogolo kwa bwato, ndipo makina amawerenga kuthinanako n'kudziwa liwiro. Sakwiya, sakhululuka.

Ndinkagona ndekha m'kachipinda ka malata, Lamlungu n'kumalankhula ndi khoma. Ndalama ndinkatumiza zikapezeka, ndipo sizinkapezeka kawirikawiri. Pafoni amayi ankangoti, "Tili bwino, Saide akutiona." Dzina limenelo linkandilasa. Zoti wakwatira Abiba ndinamva kwa mlongo wanga, ndipo ndinazimitsa foni sabata yathunthu.

Nditabwerera ndinapeza msewu wa Cuamba ndi Mandimba uli wa phula, wosalala. Wopindula nawo ndani? Saide. Anali ndi minibasi yoyera yonyamula anthu, imene kwathu timati shapa, nyumba ya malata, ndi Abiba wa ana atatu, wooneka kuti akudya bwino. Ine ndinali ndi chikwama chimodzi.

Tsiku lina pa siteji ya Mandimba anandiitanira pambali. Pa galasi la kutsogolo anali atapachika chimbale cha nyimbo, monga ankachitira madalaivala ambiri.

"Mateyu, iwe wagwira nawo makinawa. Apolisi ayamba kuima nawo m'njira. Amati chimbale chikamanyezimira, makina amachita khungu. N'zoona?"

Ndinkadziwa kuti ndi nkhambakamwa. Mafunde aja amagunda galimoto yonse, kachimbale sakaona n'komwe. Koma ndinayang'ana makiyi ali m'dzanja lake, ndipo pakamwa panga panayankha pokha.

"N'zoona. Ku Joni onse amatero."

Anandithokoza, mpaka anandigulira fanta. Ndinamwa. Ndinkafuna ndimuone tsiku limodzi ataima m'mbali mwa msewu, wapansi ngati ine.

Patapita masabata atatu, m'mawa, amayi anagwa pakhonde, akupuma movutika. Ndisanaganize chochita, mlongo wanga anali ataimbira kale Saide. Anatsitsa anthu ake, n'kubwera. Tinanyamuka ulendo wa ku chipatala cha ku Cuamba, ine kumbuyo nditagoneka mutu wa amayi pamiyendo. Titadutsa Mandimba anaponda moto. Ngakhale m'midzi, mmene malire a liwiro ndi otsika, sanachepetse.

"Osadandaula, chimbale chilipo," anatero.

Ndinkachiona chikuzungulira pa ulusi wake. Kunena zoona kukanatanthauza kuulula bodza langa, ndiye sindinamuchenjeze.

Apolisi anatiimitsa pa mudzi wina. Wapolisi anamuonetsa nambala pa makina, ndipo zinadziwika kuti aka kanali kachitatu m'mwezi womwewo, kuyambira tsiku la fanta lija. Ankalemba, amayi akubuula pamiyendo panga. Atasuzumira n'kuona wodwala, anafulumira, natilola kukafika ku chipatala, koma karta, chiphaso choyendetsera, inatsala m'manja mwake. Mphindi zimenezo sindinaonepo zazitali chotero.

Amayi anapulumuka. Namwino amene anatilandira anamwetulira ataona Saide.

"Mwabwera nawonso mayi anu? Inu ndiye mwana, mwezi uliwonse osaphonya." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga awa ndi ndani?"

Zaka zinayi Saide ankawatengera amayi kumeneko kukalandira mankhwala, osalipiritsa, ndipo palibe anandiuzapo. Amayi sanatsutse namwinoyo. Anangogwira dzanja la Saide.

Panja ndinayembekeza kuti anditukwane. Shapa inali yoti ikaima pakhomo miyezi ingapo, ana atatu akudya chiyani? Iye anamasula chimbale chija, n'kuchiyang'ana mbali zonse.

"Mwina makina a kuno ndi osiyana ndi a ku Joni," anatero. "Si mlandu wako, m'bale wanga."

Ndinamuchitira nsanje pa njinga, pa shapa ndi pa Abiba, ndipo zonsezo ndinkati tsiku lina ndidzazipeza. Koma mtima umenewu ndikaugula kuti? Mpaka lero sindinamuuze kuti ndinamunamiza. Tsiku la mankhwala likafika ndimawaperekeza ndine amayi, pa shapa ya munthu wina, ndipo tikangokhala pansi amandifunsa kuti Saide ayambanso liti.